Nyimbo Zokhomedwa pa Matabwa

Obadiya Miti anabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika, m'banja la alimi a mtedza ndi thonje, opemphera ku mpingo wa Reformed. Sukulu anailekera giredi naini. Aphunzitsi ankamudziwa ndi chinthu chimodzi chokha: akafuna mapu a dziko kapena chithunzi cha mtima wa munthu pa bolodi, ankaitana iyeyo. Bambo ake atamwalira, munda unabwerera kwa eni ake, ndipo Obadiya ananyamula kachikwama kupita ku Sinda kukafuna ntchito.

Anaipeza pa chigayo cha a Daka, kuseri kwa msika. Chinali chigayo cha dizilo, chakale, cholira kwambiri moti mayi wobwera ndi chimanga ankangoloza ndi chala kuti akufuna mgaiwa kapena ufa woyera. Magetsi akathima m'tauni, anthu onse ankathamangira kumeneko, ndipo Obadiya ankaima pambali pa injini kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nsidze zili mbuu. Ku Sinda komweko anakwatira Febby, mtsikana wa ku Vubwi amene ankagulitsa tomato ndi azakhali ake. Anabereka mwana wamkazi, namutcha Mercy.

Chimbale chimene chinasokoneza moyo wake chinabwera ndi msuweni wake Lloyd, yemwe ankaphunzira zamakompyuta ku Lusaka. Chaka china pa Khirisimasi Lloyd anatsikira pa Sinda, nakhala nawo pang'ono, ndipo pochoka anamuikira Obadiya nyimbo zambirimbiri mu foni. Zambiri Obadiya anazifufuta. Zinatsala zisanu ndi zinayi za gulu lina lotchedwa Ana a Lendi. Anali anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi a ku Lusaka, oimba roko, nyimbo zaphokoso za magitala amagetsi, opanda kampani iliyonse yowathandiza. Anajambulira okha m'garaja ya makolo a mmodzi wa iwo, nachitcha chimbalecho Chilimwe Chachitali. Pa wailesi sichinkamveka.

Magitala ake ankalira mokhadzula ngati lata likukokedwa pa miyala. Ng'oma inkagunda mosanyengerera. Koma pakati pa chiphokoso chonsecho panali mawu a mtsikanayo, osasa pang'ono, oimba modekha ngati munthu amene akuyankhula yekha uku akuchapa. Mawu ena anali achingerezi, ena Chinyanja cha m'tauni. Obadiya sankamva onse, ndipo sizinkamuvuta. Tsiku lonse ankakhala m'phokoso lopanda munthu m'kati mwake. Ili linali phokoso lokhala ndi munthu.

Ankamvera popita ku ntchito, pa nthawi yopuma, ndi pobwerera, timahedifoni tili m'makutu, mawu atakwezedwa mpaka pomaliza.

"Atate ake Mercy, kodi amenewa akuimba kapena akukangana?" anafunsa Febby tsiku lina atamuika kamodzi m'khutu.

"Dikirani, mumve pamene mtsikanayo akulowa."

Febby anadikira, namva, nabweza kahedifoniko. "Ali ndi mawu abwino. Akanangowauza anzakewo kuti achepetse."

Zaka zinapita choncho. Ndiye m'makutu mwa Obadiya munayamba kulira kamluzu kosatha, ngati nyenje za mwezi wa Okutobala. Poyamba kankasiya akapuma Lamlungu. Kenako sikankasiyanso. Febby anayamba kudandaula kuti amamuitana kawiri katatu osayankhidwa. Kutchalitchi Obadiya anasamukira ku benchi ya kutsogolo, anthu nkumati wayamba kufuna ukulu wa mpingo.

Lamlungu lina masana atakhala pakhonde, anaona kuti nyimbo yachitatu yasintha. Panali malo ena pamene gitala yaing'ono inkakwera yokha, yowonda ngati ulusi, ng'oma zitaleka. Tsiku limenelo pamalopo panali zii. Anaganiza kuti timahedifoni tafa, nakabwereka ta mnansi. Zinali chimodzimodzi. Anaitana Febby.

"Tamvani apa. Pali chimene chikulira?"

"Eya. Kagitala kakang'ono."

"Panopa?"

"Kakulirabe." Febby anamuyang'ana nkhope, nachotsa kahedifoniko pang'onopang'ono. "Inu simukukamva?"

Obadiya anabweza nyimboyo kuchiyambi, nadikiranso pamalo pomwepo.

Kuchipatala ku Katete anamuyeza mayi wina wachifatse, amene anamuuza zoona mosazungulira. Timitsempha ta m'kati mwa makutu tinali titapsa ndi phokoso, ndipo sitiphukanso. Mawu oonda ndiwo amayamba kutha, okhuthala amatsatira. Anamuuza kuti asiye chigayo ndipo ataye mahedifoni, mwina chotsalacho chingakhalitse. M'minibasi pobwerera Obadiya anaganiza za zonse ziwiri. Chigayo ndicho chinkawadyetsa. Chinacho sanafune n'komwe kuchiganizira nthawi yaitali. Anagula thonje lotsekera m'makutu pa ntchito, ndipo zinathera pomwepo.

Sabata imeneyo ndi imene anayamba kujambula. Maganizo ake anali akuti nyimbo iliyonse aiike pena pake pooneka ndi maso, makutu asanatsekeretu. Anapempha zidutswa za matabwa opyapyala kwa kalipentala wa pafupi ndi chigayo, nazipaka laimu. Pa loyamba anajambula ndi makala zimene nyimbo yoyamba inkanena: basi ya m'mawa ikunyamuka, mtsikana ataima pa siteshoni ndi chikwama, osakwera. Chinali chithunzi chabwino. Anansi anabwera kudzachiona, ena nkumati awajambule nawonso.

Iye anachiyang'ana masiku angapo, kenako anachifufuta ndi laimu.

"Mwachiwonongeranji?" anafunsa Febby.

"Iyo ndi nkhani chabe. Nkhani ndikhoza kuikumbukira. Chimene chikundithawa ndi kulira kwake."

Anayambanso mwa njira ina. Anakhala pansi ndi thabwa pa miyendo, nyimbo ili m'makutu, nayamba kutsata ng'oma yokha. Paliponse pamene inagunda anakhoma kamsomali, kuchokera kumanzere kupita kumanja, mzere ndi mzere ngati mapando a chimanga. Pamene ng'oma inathamanga misomali inathinana, pamene inapuma panatsala dazi. Gitala yokhuthala ija, imene imamveka m'chifuwa, anaiika ndi mphira wa chubu cha njinga, wakuda, wokwawa m'munsi mwa misomali. Magitala okhadzula anawapaka ndi oilo wakuda wa mu injini wosakaniza ndi mchenga, nakanda ndi foloko asanaume. Gitala yaing'ono inakhala waya wa buleki. Mawu a mtsikanayo anavutika nawo. Anayesa katondo, anayesa buluu wochapira, osakhutira. Mapeto ake anasolola ulusi wofiira pa chitenje chakale cha Febby, naupititsa pakati pa misomali, kukwera pamene mawu akwera, kulendewera pamene atsika, kuduka pamene mtsikanayo akoka mpweya.

Thabwa loyamba linamutengera mwezi wathunthu. Atamaliza anatseka maso, nayendetsa zala kuchokera pa msomali woyamba, ndipo nyimbo yonse inadzuka m'mutu mwake, ndi kagitala komwe. Anakhala pomwepo nthawi yaitali.

Kuyambira pamenepo analibenso Lamlungu lopuma. Akaweruka ankafika ndi kukhala pakhonde mpaka kuwala kutha. Nyimbo iliyonse inkafuna zake. Yachiwiri, yothamanga ndi yaukali, anaikhoma ndi zitsekerero za mabotolo zophwanyidwa. Yachinayi inali ndi malo pamene onse anayi ankaimbira pamodzi, ndipo iye analuka ulusi unayi wosiyana mitundu kukhala chingwe chimodzi. Yachisanu inkatha ndi gitala ikulira yokha mpaka kuzilala, ndiye anawotcha m'mphepete mwa thabwalo ndi chikuni kuti lithe ndi kupserera.

Anansi amene ankayamikira chithunzi cha basi anasiya kubwera. Zimene ankaona tsopano zinali misomali, mphira ndi ulusi. Pa mjigo anayamba kunena kuti mwamuna wa Febby mutu wayamba kusokonekera, ena nkumati ndi zamankhwala. Febby ankawayankha mwaulemu, koma kunyumba nkhope yake inali yolemera.

"Adokotala anati musiye zoika m'makutuzo," anatero tsiku lina, atayandikira khutu lakumanzere limene linali lisanathe. "Mukudzimalizitsa nokha."

"Zikutha kale. Ndikasiya, zitha ndilibe kanthu."

"Nanga ife? Mercy akamakuitanani mumangomuyang'ana. Chotsalacho bwanji osasungira mwana?"

Obadiya anaweramitsa mutu. Ankadziwa kuti mkazi wake akunena zoona. Anaika foni m'thumba, nakhala masabata awiri osaikhudza. Koma m'masabata amenewo kamluzu kaja sikanachepe, ndipo mawu a Mercy sanayandikire. Atabwerera ku matabwa ake anapeza kuti nyimbo yachisanu ndi chimodzi yatsala ng'oma ndi kugunda kwa pansi basi. Anaimaliza theka ndi makutu, theka ndi kukumbukira.

Yachisanu ndi chiwiri ndiyo inamugonjetsa. Inali nyimbo yofatsa kuposa zonse, yopanda ng'oma, mtsikanayo yekha ndi gitala imodzi. Ndiyo imene ankaikonda kwambiri, ndipo anali ataisunga dala kuti adzaifike dzanja litazolowera. Pamene ankaifika munalibe kanthu. Foni inkasonyeza kuti nyimbo ikuyenda, koma m'makutu munali kamluzu kokha. Anabwereka sipika kwa wometa tsitsi, naigunditsa pa fupa la kuseri kwa khutu. Anailuma ndi mano. Nyimbo zina zinkamunjenjemeretsa chibwano, koma iyi inalibe choti n'kunjenjemeretsa.

Anayesa kuikumbukira. Chiyambi chinalipo, mapeto analipo, koma pakati panali malo pamene sankadziwa ngati mawu amakwera kapena amatsika. Kale sankafunika kudziwa, nyimboyo inkangobwera yokha.

Febby anamupeza atakhala ndi thabwa loyera, ulusi uli m'manja. Anatula beseni la tomato, nakhala pambali pake, natenga mahedifoni. Anamvera nyimbo yonse. Kenako anaibweza, nagwira dzanja la mwamuna wake, nayamba kuyendetsa chala pa chikhatho, kukwera ndi kutsika motsata mawuwo. Obadiya anatseka maso. Febby anabwereza kangapo. Chala cha Febby chinkakwera pamene iye ankayembekeza kuti chitsike, ndipo sankadziwa ngati wolakwa ndi Febby kapena mutu wake.

"Akuti chiyani apa?" anafunsa Obadiya, mokweza mosadziwa.

Febby anayankha. Obadiya anaona milomo yokha. Febby anabwereza pafupi ndi khutu, ndipo chimene chinafika chinali mpweya wofunda. Pomaliza Febby anatola kamtengo nalemba pa dothi kuti mtsikanayo sakunena mawu, akungong'ung'udza.

Obadiya anawerenga, nagwedeza mutu. Anapinda ulusi uja, nauika m'thumba la shati. Thabwa lachisanu ndi chiwiri linakhala loyera, ndipo awiri otsalawo sanawayambe.

Mwezi wa Ogasiti, nthawi ya Kulamba, Lloyd anabwera ndi anzake a ku ntchito kudzaona mwambo ku Mkaika, napatukira ku Sinda. Anali atanenepa, ali ndi galimoto ya kampani. Ankayankhulana ndi Obadiya polemba pa foni nkumapatsirana. Ataona matabwa asanu ndi limodzi atatsamira khoma, anafunsa kuti ndi chiyani. Obadiya anamuuza. Lloyd anakwinya nkhope, kuyesa kukumbukira, kenako analemba kuti, "Ana a Lendi? Ndine ndinakupatsa zimenezo?"

Komabe anachita chidwi. Anajambula matabwawo limodzi limodzi ndi foni yake, nalonjeza kuti akafufuza oimbawo. Masabata otsatira Obadiya ankayang'ana foni kawirikawiri. Sankafuna kutamandidwa. Ankafuna munthu mmodzi woti ayang'ane ulusi wofiira uja n'kudziwa pamene wafika, ndipo mwina n'kumuuza za pakati pa nyimbo yachisanu ndi chiwiri.

Lloyd anasunga lonjezo. Anapeza amene ankaimba ng'oma, yemwe tsopano ankagulitsa zipangizo za galimoto. Gululo linali litatha kalekale. Mtsikana uja anakwatiwa kunja kwa dziko, ndipo panalibe amene ankadziwa nambala yake. Wang'omayo anaona zithunzizo, nati n'zokongola, koma sanathe kuloza kuti thabwa liti ndi la nyimbo iti. Anapemphanso kuti ngati mkulu ameneyo akadali nazo nyimbozo amutumizire, chifukwa kompyuta imene inali nazo inawonongeka ndipo iye sanazimvenso zaka zambiri.

Obadiya anawerenga uthenga wa Lloyd ali pa chigayo. Anatumiza nyimbo zonse zisanu ndi zinayi tsiku lomwelo. Yankho linabwera la kachithunzi ka chala chachikulu chotukulidwa, ndipo sipanabwerenso china.

Ntchito inatha mvula isanagwe. Injini ya chigayo ikafuna kuwonongeka imayamba yagogoda, ndipo wogayitsa amaizimitsa msanga. Kale Obadiya ankaimva isanayambe n'komwe. Tsiku limenelo anali atatembenukira ku chitini cha chimanga, akuthira. Amayi amene anali pa mzere anamva kugogodako, nayamba kukuwa ndi kukupiza manja, koma iye anali atawafulatira. Anadzazindikira ataona utsi. Pofika pa injini n'kuti itauma kale.

A Daka sanamukalipire. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana injiniyo, kenako anamutengera Obadiya panja, namugwira paphewa. Anayankhula pang'onopang'ono kuti awone milomo yawo.

"Mwana wanga, wagwira bwino zaka zonsezi. Koma mawa lidzakhala lamba la chigayo, lidzakudula dzanja usanamve. Sindingathe."

Obadiya anamva ndi maso mawu omalizawo. Anavula ovolosi, naikung'untha ufa, naipachika pa msomali wake.

Opanda chigayo sakanatha kukhala m'tauni. Febby anati apite kwawo ku Vubwi, kumene mayi ake anali ndi munda ndi kanyumba kopanda munthu. Anakwera lole yonyamula feteleza, katundu yense ali pamwamba pa matumba. Matabwa aja Febby anawakulunga yekha m'bulangete, nawaika pakati kuti asakhudzane. Anafika onse bwinobwino, ndipo Obadiya anawatsamiritsa ku khoma la chipinda.

Kumudziko anthu anamulandira mwaulemu ngati mkamwini, koma macheza ndi munthu wosamva amatopetsa. Amuna ankamupatsa moni ndi dzanja, nkupitiriza nkhani zawo. Kutchalitchi ankaimirira ena akaimirira, nkukhala ena akakhala. Febby anabereka mwana wachiwiri, wamwamuna. Obadiya ankamunyamula akulira, nkumaika chikhatho pa kamsana kake kuti amve kunjenjemera.

Miyezi yoyamba ankatulutsa matabwa aja masana akachoka kumunda. Ankatseka maso, nkuyendetsa zala, ndipo nyimbo zinkabwera. Koma zinkabwera zoonda kuposa kale. Mawu a mtsikana uja anayamba kufanana ndi a Febby, kenako ndi a mayi ake omwalira, kenako osafanana ndi a munthu aliyense. Nyimbo yachiwiri ndi yachinayi zinalowana. Tsiku lina anagwira msomali woyamba wa thabwa lachitatu, nadikira. Anayendetsa zala mpaka kumapeto. Anamva misomali, mphira wouma, mchenga, waya wadzimbiri. Anabwerera kuchiyambi, nayesanso, zala zikukanikiza mpaka msomali wina unamucheka. Munalibe nyimbo. Munali kamluzu kokha, kamene sikanamusiyepo.

Sanauze Febby. Febby anadziwa yekha ataona kuti matabwa ayamba kugwira fumbi. Anawapukuta kangapo, kenako nayenso anasiya.

Foni inafa chaka chomwecho itagwera m'ngalande, ndipo sanagule ina. Dzinja lotsatira mvula inawomba khola la nkhuku la apongozi ake, chitseko n'kuthyoka. Apongoziwo anafunsa Febby, mochita manyazi, ngati bambo a kunyumbako angalole thabwa limodzi mwa aja angokhala. Febby anakana osamufunsa n'komwe mwamuna wake. Koma Obadiya anali ataona kumene mayiwo ankaloza. Analowa m'nyumba, natulutsa matabwa awiri, nakhala pansi ndi pulayala. Anazula misomali umodzi umodzi, nkumaiwongola pa mwala, nkumaiponya m'chitini. Febby anaima pakhomo mwana ali kumbuyo, akumuyang'ana.

"Atate ake Mercy," anatero, ngakhale ankadziwa kuti sakumva.

Obadiya anakonza chitsekocho bwinobwino, cholimba kuposa chakale. Ena anayi anatsatira m'miyezi yotsatira: lina linatseka zenera, lina linakhala shelefu, awiri anapita kwa mnansi.

Chaka chatha mvula inaleka chimanga chili pa ngaiyaye, ndipo m'mudzimo nkhokwe zambiri zinakhala zopanda kanthu. Obadiya anayamba kuwoloka malire ndi amuna anzake kukagwira ganyu m'minda ya ku Mozambique, kumene amalipira ndi chimanga. Amanyamuka Lolemba, nkubwera Loweruka thumba lili pa njinga. Obadiya ali ndi zaka zosakwana makumi anayi, koma amayenda chowerama, maso ali pansi, chifukwa njinga yamoto inamugundapo kuchokera kumbuyo. Eni minda kumeneko amamukonda. Amati salimbana ndi munthu, sapempha kupuma, ndipo akamuonetsa ndime amalima mpaka wina abwere kudzamugwira paphewa.